Mayi Zuhra Anakaona Pansi pa Nyanja

Pa Kamwendo, ukatsika minibasi n'kudutsa pamene amaima akabaza, pali shopu ya zitenje yokhala ndi chitseko chobiriwira. Eni ake ndi Mayi Zuhra, mzimayi wamfupi wa zaka 58, woyenda mwandawala, wosakonda kubwereza mawu. Akakuuza mtengo wa chitenje ndi womwewo. Ukayamba kunenerera amangokuyang'ana mpaka manyazi akugwire wekha.

Anabadwira pa boma la Mchinji. Bambo awo anali telala wochokera ku Machinga, ankasoka pakhonde pa sitolo ya mmwenye, ndipo mwana wawoyo anadziwa kupinda nsalu asanadziwe kugwira cholembera. Sukulu anailekeza Sitandade 6. Ali ndi zaka 18 anakwatiwa ndi a Abudu, amene nthawi imeneyo ankazungulira m'maesiteti a fodya pa njinga, kugulitsa sopo, singano ndi mchere kwa matenanti. Awiriwo anatsegula kashopu pa Kamwendo, n'kubereka ana atatu. Aakazi awiri anakwatiwa kutali, wina ku Kasungu, wina ku Joni. Wamwamuna, Hamidu, anatsala pafupi. Amalongosola mapepala a katundu wa mathiraki pa boda.

Matenda a shuga atawagwira a Abudu, miyendo n'kuyamba kutupa, maulendo ooda katundu anagwera akazi awo. Poyamba ankangopita ku Chipata, kunyamuka m'mawa, madzulo ali pakhomo. Kenako Lusaka. Kenako anamva kwa amayi anzawo kuti nsalu zabwino zili ku Dar es Salaam, ndipo anayamba ulendo wa masiku awiri pa basi, kudzera ku Mzuzu ndi Karonga, kuwolokera pa Songwe. Msewu umenewo anauyenda zaka 22. Chiswahili anachitolera pamsika, chokwanira kukangana ndi wogulitsa komanso kukalipira wonyamula katundu. Koma mzinda wonsewo ankangoudziwa misewu inayi ya ku msika wa Kariakoo, chipinda chogonamo amayi asanu ndi mmodzi, ndi mabelo amene ankawasoka okha ndi chisingano cha matumba.

Tsiku lina belo lawo linasochera, ndipo polilondola anakatulukira kudoko. Kumeneko anaona sitima yoyera, anthu akukwera pamzere. Chimene chinawaimitsa sichinali sitimayo koma anthuwo. Aliyense anali ndi kachikwama kamodzi paphewa, ena chimanjamanja. Anafunsa mayi wina wogulitsa madzi akumwa, ndipo anawauza kuti anthuwo akupita pa chilumba cha Zanzibar.

"Kukaoda chiyani?" anafunsa Mayi Zuhra.

"Palibe. Akukangokhala."

Anaseka poganiza kuti Chiswahili chawathawa. Koma mayi uja anabwereza: amakasambira, amakagona pamchenga, amakaona nsomba pansi pa madzi, sabata ikatha n'kubwerera kwawo. Mayi Zuhra anafika ku Kamwendo n'kuwafotokozera amuna awo nkhaniyo akumasula mabelo. A Abudu anati, "Tidzapita limodzi miyendo ikaphwa." Miyendo sinaphwe. Anamwalira mu Januwale, mvula ikugwa, ndipo anaikidwa tsiku lomwelo.

Mwa mwambo wa Chisilamu, mkazi wamasiye amakhala pa eda, miyezi inayi ndi masiku khumi ali pakhomo. Mayi Zuhra anausunga mwambowo osaphonya tsiku ndi limodzi lomwe, ndipo palibe amene anawakakamiza. Makiyi a shopu anawapereka kwa Hamidu, iye n'kuikamo mkazi wake Shamira kuti azigulitsa.

Amene ankabwera tsiku ndi tsiku kudzakhala nawo anali Mayi Filomena. Awa anachokera ku Phalombe kalekale ndi amuna awo kudzakhala matenanti pa esiteti ina ya kwa Zulu. Anasankha fodya mpaka chifuwa chinawakana, amuna awo anapita ku Zambia osabwerako, ndipo kwa zaka zambiri akhala akugulitsa tomato ndi anyezi pakhonde la shopu ya Mayi Zuhra. Wina ndi Mkatolika wa korona m'khosi, wina Msilamu wosaphonya swala, koma amatchulana achemwali.

Sabata yachitatu ya eda, akusenda mtedza pamkeka, Mayi Zuhra anati, "Achemwali, muli ndi pasipoti?"

"Ya chiyani? Ku Chipata ndimapita ndi kapepala ka pa boda."

"Mawa mupite ku Lilongwe mukajambulitse. Osauza munthu."

Mayi Filomena anamva nkhani yonse ya ulendo wa ku Zanzibar ali kukamwa yasa. Atamaliza kumva anati sadziwa kusambira, ndipo madzi aakulu amene anawaonapo ndi mtsinje wa Bua wokha.

"Inenso chimodzimodzi," anatero Mayi Zuhra. "Ndiye tikaphunzirira komweko."

Eda inatha chakumapeto kwa Meyi. Soya wa m'munda mwawo anali atapunthidwa kale n'kugulitsidwa, pasipoti ya Mayi Filomena itatuluka. Loweruka lotsatira kunabwera a Amin, mkulu wawo wa malemu, amene ali ndi sitolo ya zitsulo pa boma. Anabwera ndi Hamidu, anakhala pamipando ya pabalaza, anamwa tiyi, kenako a Amin anakonza kukhosi.

"Alamu, mwavutika nthawi yaitali. Tagwirizana kuti tsopano mupume. Musamukire kwa Hamidu ku boda, muzikalera zidzukulu. Shopu aziyendetsa Shamira. Nyumba ino tiikamo munthu."

"Mwagwirizana ndi ndani?"

"Ife abanja."

"Ndamva," anatero Mayi Zuhra. "Ndiye nanunso mumve zanga. Lachiwiri ndikunyamuka, ndikupita ku Zanzibar. Ndikakhala sabata imodzi."

Hamidu anaika kapu pansi. "Amayi, katundu alipo wambiri m'shopumo. Palibe chifukwa chokaodera wina."

"Sindikukaoda. Ndikukaona nyanja."

A Amin anayang'ana Hamidu, Hamidu anayang'ana pansi. Kenako mkuluyo anayamba kulankhula mwachifatse, monga amachitira munthu amene akudziwa kuti mawu ake satsutsidwa. Anati manda a m'bale wawo sanaume, anati anthu anena chiyani, anati malo amenewo ndi a azungu oyenda osavala. Pomaliza anati mkazi sayenera kuyenda ulendo wautali popanda mwamuna wa m'banja womuperekeza.

Mayi Zuhra anadikira kuti amalize. "Alamu, msewu umenewu ndauyenda zaka 22 ndekha. Ndagonapo pansi pa boda, ndaberedwapo, basi inagwerapo nane m'dzenje ku Chiweta. Lamulo limenelo linali kuti nthawi yonseyo? Mwana uyu anaphunzira ndi mabelo amene ndinkasenza ine. Inunso malata a sitolo yanu oyamba munakwera nawo pa thiraki imene ndinapeza ine. Pobwera ndi katundu ndinali woyenera kuyenda. Lero ndikufuna kupita chimanjamanja, mwakumbukira malamulo?"

"Musalankhule choncho kwa akuluakulu, amayi," anatero Hamidu.

"Iwe khala chete. Ndikulankhula ndi mlamu wanga. Amuna anga ndawalira monga Mulungu analamulira, masiku onse, osachotsapo. Zimenezo zatha. Za kusamuka tidzakamba ndikabwera, ndipo yankho lake mukulidziwa kale."

A Amin ananyamuka osatsanzika bwino. Hamidu anatsalira pang'ono pakhomo, nati ngati apitadi, iye sadzawaperekeza ngakhale pa siteji. Amayi ake anati siteji akuidziwa.

Lachiwiri m'mawa anthu a pa Kamwendo anaona zachilendo: Mayi Zuhra akukwera minibasi ndi kachikwama kamodzi, pambuyo pawo Mayi Filomena atavala nsapato zatsopano zimene zinkawaluma. Kondakitala anafunsa katatu ngati katundu wina akubwera pambuyo.

Patatha masiku awiri anali padoko lija. Mayi Zuhra anaima pamzere umene anauonerera zaka zambiri zapitazo, tikiti ili m'manja. Sitima itachoka, mafunde anayamba kuitukula n'kuitsitsa, ndipo Mayi Filomena anasanza ulendo wonse, uku akutchula oyera mtima mmodzimmodzi. Pofika anati pobwerera ayenda wapansi. Mayi Zuhra anawauza kuti chilumba chilibe njira ya pansi, ndipo iwo anangoti, "Ndiye mwandipha, achemwali."

Anakwera kagalimoto kodzadza anthu ndi nthochi kupita ku mudzi wina wa kum'mawa kwa chilumbacho, kumene anapeza chipinda m'nyumba ya alendo ya mayi wina wamasiye. Kuseri kwa nyumbayo kunali migwalangwa ya kokonati, ndipo kuseri kwa migwalangwayo kunali mchenga woyera ngati ufa wosefa. Madzi anali obiriwira pafupi, chapatali akuda bii, ndipo tsidya kunalibe. Mayi Zuhra anavula nsapato, anakweza diresi pang'ono, n'kuponda. Anatunga madzi padzanja, analawa, analavula, n'kuseka kwa nthawi yoyamba chimwalirire amuna awo.

M'mawa mwake Mayi Filomena anathamangira m'chipinda akupuma wefuwefu, nati nyanja yathawa. Anatuluka onse n'kupeza kuti ndi zoona: pamene dzulo panali madzi panali mchenga wonyowa mtunda wautali, mabwato atagona chammbali. Mwini nyumba anawaseka, nawauza kuti madziwo amapita n'kubwera kawiri patsiku. Kutali, pamene madzi analekeza, amayi ambiri anali atawerama m'mizere. Mayi Filomena anafunsa chimene akuchita, ndipo atamva kuti akulima ndere za m'nyanja pa zingwe, maso awo anawala. Anakwinya chitenje n'kuwatsata. Chilankhulo sankamvana, koma pofika masana anali akumanga mbewu pa chingwe mofulumira kuposa ena, chifukwa zala zimene zinasoka fodya zaka makumi awiri siziiwala mfundo. Anabwerako atapsa ndi dzuwa, nati munda umenewo ndi wabwino, sufuna feteleza ndiponso ulibe bwana woyeza pa sikelo.

Tsiku lachitatu anayenda m'mphepete mwa madzi mpaka anafika pamene panali hotela yaikulu. Azungu anali gonegone pamabedi a matabwa pansi pa maambulera a udzu. Amayi awiriwo asanadutse, mlonda wa yunifomu anawatsekera njira.

"Kugulitsa kuno n'koletsedwa, amayi," anatero m'Chiswahili.

Mayi Zuhra anatambasula manja onse awiri. "Ndikugulitsa chiyani?"

"Kaya ndi zoluka tsitsi, kaya ndi zosisita thupi, sitilola. Alendo akupuma. Dzerani kumtunda."

"Ifenso ndi alendo. Tachokera ku Malawi."

Mlondayo anayang'ana mpango wawo, diresi lofika kumapazi, ndi chitenje cha Mayi Filomena chokhala ndi chithunzi cha tchalitchi, n'kumwetulira. Kumwetulira kumeneko ndi kumene kunawapsetsa mtima Mayi Zuhra. Anali atakuonapo m'maofesi ambiri.

"Mwana wanga, mabediwo ndi a abwana ako, sindiwakhudza. Koma mchengawu anauoda kuti? Ndionetse lisiti lake."

Anayala chitenje pamenepo, patsogolo penipeni pa mabediwo, n'kukhala pansi. Mayi Filomena, amene sanamve liwu ndi limodzi koma anamva zonse, anakhalanso, natulutsa mtedza wokazinga wa ku Mchinji. Mlonda analankhula pa wailesi yake. Kunabwera mkulu wa pa hotelayo atavala malaya oyera, anamvetsera, anapepesa ndi pakamwa pokha, nati ngati angakonde awabweretsera zakumwa zaulere akakhale chauko. Mayi Zuhra anati ludzu alibe ndipo chauko sakukufuna. Anakhala pamenepo maola awiri, dzuwa likuwawotcha, mpaka anatopa okha.

Koma chimene anadzera chinali china. Pagombepo panali bambo wina wa imvi, dzina lake Makame, amene ankatenga alendo pa boti kupita nawo pakati, kumene kuli matanthwe a pansi pa madzi. Kumeneko munthu amavala magalasi otseka maso ndi mphuno, amaluma kapaipi kopumira kamene nsonga yake imatsala pamwamba, n'kugona chafufumimba pamadzi kumaonerera nsomba. Mayi Zuhra atamuuza kuti akufuna kupita, Makame anafunsa ngati amadziwa kusambira.

"Ayi."

"Munalowapo m'madzi okuya?"

"Ayi."

"Ndiye mukwere, mukaonerere muli m'boti."

"M'boti ndikaona chiyani, misana ya azungu? Ndamva kuti muli ndi majekete oyandamitsa. Mundipatse imodzi."

Makame anapukusa mutu koma anawatenga. Tsiku lachinayi m'mawa anakwera boti ndi alendo ena asanu ndi mmodzi, Mayi Zuhra atavala buluku lalitali mkati mwa diresi, mpango atamanga zolimba. Mayi Filomena anakwera nawo, atanenetsa kuti iwo ntchito yawo ndi kupemphera basi. Atafika pamalopo, anzawo aja anadumphira m'madzi mmodzimmodzi. Mayi Zuhra anatsika pa makwerero, anasiya chitsulo, ndipo phazi lawo linafuna pansi koma silinapapeze. Mantha amene anawagwira sanawamvepo chibadwire. Anatsegula pakamwa kuti akuwe, kapaipi kanachoka, madzi amchere analowa kukhosi ndi m'mphuno. Anaphiriphitha, magalasi anapotoka, ndipo Makame ndi mlendo wina anawakokera m'boti ngati thumba la chimanga lonyowa.

Anakhala pansi m'botimo akutsokomola, mpango utapendama, madzi akuchucha. Mzungu wina wamkazi anawasisita paphewa n'kunena mawu achisoni. Makame anati, "Mwayesa, amayi. Pa msinkhu wanu zakwana." Mayi Zuhra anakonza mpango wawo n'kuyang'ana kumtunda.

Atafika kunyumba ya alendo anapeza foni ikulira. Anali Hamidu. Zinapezeka kuti Mayi Filomena anawajambula atavala magalasi aja asanatsike, n'kutumiza chithunzicho kwa mwana wawo Princess, ndipo pofika masana chinali chitazungulira mafoni a pa Kamwendo mpaka pa boda.

"Amayi, mwatichititsa manyazi," anatero Hamidu. "Madalaivala akundionetsa chithunzi chanu pa ntchito. Akuti amayi ako apenga. Bwererani mawa."

"Pachithunzipo ndavula?"

"Ayi, koma..."

"Ndaba? Ndagwidwa ndi mwamuna wa mwini?"

"Amayi, si zimenezo."

"Ndiye manyazi akowo uwasunge bwino, uwagwiritse ntchito tsiku limene udzalakwe iweyo. Ine ndibwera tsiku limene ndinanena."

Mayi Zuhra anadula foni. Mayi Filomena anayamba kupepesa za chithunzicho, koma Mayi Zuhra anawaletsa. Anatuluka, anapita kwa Makame amene ankatsuka boti, n'kumupempha kuti awabwereke magalasi, kapaipi ndi jekete mpaka mawa.

Madzulo amenewo ndi tsiku lonse lotsatira anathera m'madzi ofika m'chiuno. Mayi Filomena anaima pambali atagwira lamba wa jekete ngati akugwira mbuzi pamsika, Mayi Zuhra n'kumaviika nkhope. Koyamba anapirira kupuma kuwiri kokha. Anadzuka, anatsokomola, anaviikanso. Amayi olima ndere podutsa ankaima n'kumawalangiza ndi manja: musalume kwambiri, pumani pang'onopang'ono, lekani miyendo iyandame yokha. Chovuta sichinali kupuma. Chovuta chinali kukhulupirira kuti ukadzisiya, madzi akunyamula. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akugwira chikwama ndi manja awiri m'basi sadzisiya msanga. Koma dzuwa la tsiku lachisanu lisanapendeke, anamva mapazi awo akuchoka pamchenga okha, ndipo sanawabweze.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi anafika pa boti anthu ena asanabwere. Makame atawaona anatenga chingwe, nsonga imodzi anamanga pa jekete yawo, ina pa boti.

"Mukafuna kutuluka mukoke kawiri," anatero.

Mayi Zuhra anatsika pa makwerero. Anatchula dzina la Mulungu, anasiya chitsulo, anagona chafufumimba n'kuika nkhope m'madzi.

Phokoso lonse linatha. Ankangomva mpweya wawo ukulowa ndi kutuluka m'kapaipi. Pansi pawo, mtunda ngati kuchoka padenga la nyumba kufika pansi, panali dziko lina lathunthu. Matanthwe ena anali ngati nyanga za mbawala, ena ngati bowa wamkulu, ena ofiirira, ena otuwa, ndipo pakati pake pankadutsa nsomba zosawerengeka. Zachikasu za mizere yakuda zinkayenda ziwiriziwiri. Tina tating'ono tabuluu tinkatembenuka tonse pamodzi ngati tauzidwa. Ina yaikulu, yobiriwira ndi pinki, inkaluma thanthwe ndi mano ngati a mbuzi, ndipo ankamva kukukuta kwake. Monga munthu wa nsalu, anayamba kuona mitundu imene sakanayerekeza kuiphatikiza pa chitenje chimodzi, koma apa inkagwirizana bwinobwino. Dzuwa linkalowa m'madzimo m'mizere yogwedera, ndipo chithunzithunzi chawo chinkayenda pansi pamchenga, mayi wamfupi wotambasula manja.

Anakumbukira a Abudu. Anawakwiyira pang'ono chifukwa cha lonjezo lija, kenako anadzikwiyira okha, chifukwa maulendo onse aja doko linali pafupi ndipo palibe amene anawamanga miyendo. Kenako mkwiyowo unapita, n'kutsala nsomba zokha. Magalasi anachita nthunzi, anadzutsa mutu, anawatsuka monga anaphunzirira, n'kubwereranso. Anthu ena onse anakwera m'boti, iwo akadali pamadzi. Chingwe sanachikoke. Pomaliza anachikoka ndi Makame, chifukwa madzi anali atayamba kuphwa.

"Mwaona chiyani?" anafunsa Mayi Filomena, korona ili m'manja.

"Sindingathe kukuuzani, achemwali. Valani muone nokha."

Mayi Filomena anakana kutsika, koma analola kugona pamphepete pa boti, Makame atawagwira miyendo, n'kuviika nkhope yokha. Anadzuka patapita kanthawi, madzi akutsika m'masaya, nati, "Zonsezi zakhala zili pansipa nthawi yonseyi, ife tikusankha fodya?"

Tsiku lomaliza Mayi Zuhra anakaswali mu mzikiti wakale wa m'tauni ya nyumba zamiyala, Mayi Filomena akuwadikira panja pamthunzi. Anagula timapaketi ta zonunkhiritsa tiyi topatsa anthu kumudzi. Ku Dar anadutsa pafupi ndi Kariakoo osalowamo.

Anafika pa Kamwendo tsiku la msika, dzuwa lili paliwombo. Asanapite kunyumba anapita ku shopu, n'kupeza yotseka, pachitseko pali loko watsopano wamkulu. Woyandikana nawo anawauza kuti a Amin ndi amene anabwera ndi lokoyo dzana, ndipo makiyi ali ndi Hamidu ku boda. Anaimba foni kawiri, sinayankhidwe. Anaika kachikwama pansi, anawoloka msewu, n'kubwera ndi wowotcherera zitsulo atanyamula chodulira chake. Anthu anasiya kugula n'kuunjikana. Moto unathetheka, loko anagwa pansi, ndipo Mayi Zuhra anamutola, anamupatsa wa kabaza wina kuti akapereke kwa a Amin ku sitolo ya zitsulo pa boma, akanene kuti katundu wawo wabwezedwa.

A Amin anafika patatha ola limodzi, thukuta lili kamukamu. Anapeza alamu awo akupukuta fumbi pa mashelefu.

"Alamu, mwathyola chitseko pamaso pa anthu?"

"Chitseko changa. Dzina la pa laisensi muliwerenge, lili apo pakhoma."

"Ife timafuna kukuthandizani."

"Ndikadzafuna thandizo ndidzabwera ndekha, njira ya kwanu ndikuidziwa. Tengani aka, muzikathira mu tiyi." Anawapatsira kapaketi kamodzi. A Amin anakayang'ana, anayang'ana anthu amene anadzadza pakhonde, anakaika m'thumba n'kumapita.

Shamira anabwera m'mawa mwake ndi makiyi akale atawakulunga m'kansalu. Anagwada, nati iye shopuyo sankaifuna n'komwe, ankangoopa kukana. Chimene ankafuna chinali kubwerera ku kosi ya uphunzitsi imene anaisiya atakwatiwa. Apongozi ake anamufunsa ngati anamuuzapo mwamuna wake. Anati ayi. "Ukamuuze," anatero. "Akakana, ubwere naye kuno."

Mayi Zuhra sanasamuke. Shopu amatsegula okha, ndipo katundu amaodabe, ngakhale tsopano amapita ku Dar kawiri kokha pachaka. Amayi ena a ku mzikiti anasiya kuwapatsa moni kwa kanthawi, ena ankabwera ngati akufuna chitenje n'kumafunsa chapansipansi kuti ulendo wotere munthu amauyamba bwanji. Onse ankawayankha mofanana.

Hamidu anakhala miyezi iwiri osaponda pakhomo pa amayi ake. Anabwera Lachisanu lina atachoka ku mzikiti, anapereka moni, anakhala pa benchi ya m'shopu n'kumaonerera amayi ake akuyeza nsalu. Anakamba za mzere wa mathiraki pa boda, za mtengo wa mafuta, za mwana amene wayamba kumera mano. Anatchulanso, akuyang'ana kumbali, kuti Shamira ayamba sukulu mu Seputembala. Atanyamuka kuti azipita anaima pakhomo, nakanda kumutu.

"Kodi amayi, nsombazo sizinakulumeni?"

"Ayi," anatero Mayi Zuhra, akudula nsalu osadzutsa mutu. "Zinali ndi zochita zawo."